Ziro M'kabuku ka Nkhanga

"Kasanu ndi kawiri! Walemba ndi dzanja lako lomwe kuti dzulo wapita kuchimbudzi kasanu ndi kawiri! Ndiye ukufuna anthu akuombere m'manja?"

A Bulashi anali ataima pakhomo la kuchipinda, kabuku kobiriwira kali m'manja, akukagwedeza ngati agwira mbava. Dzinali anawapatsa ndi anthu chifukwa cha ntchito yawo yolemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera tsitsi, ndipo zala zawo sizinkatha penti ngakhale Lamulungu.

"Ndalemba zimene zinachitika, bambo," anayankha mkazi wawo ali chikhalire pabedi. "Adokotala anati ndisawonjezere, ndisachotsere."

"Adokotala, adokotala! Adokotalawo ndi amene adzakwatitse mwana wako? Taona apa. Kuyabwa, naini. Kupweteka kwa mafupa, eyiti. Kutsegula m'mimba, teni. Ndiye pansi apa wawonjezera zako, eti 'ndinadziipitsira ndisanafike.' Mayi wamkulu ngati iwe kulemba zimenezi papepala! Bongololo sadzolera mafuta pagulu, iwe."

"Si pagulu, bambo, ndi kuchipatala."

"Kuchipatala kulibe anthu? Amene amalandira timabukuti padesiki paja ndani? Tandiuza. Ndani?"

Mkaziyo anaweramitsa mutu. Yankho ankalidziwa. Kalaliki wa ku ofesi ya kafukufuku, mtsikana wa magalasi uja, anali mlongo wake wa mphunzitsi yemwe ankayembekezera kukwatira mwana wawo mwezi wotsatira. Mwana mmodzi yekhayo, wamkazi, yemwe anabadwa atapempha Mulungu zaka zisanu.

Mayiyu anthu ankamutcha Nkhanga. Ankatero akapotoloka, koma mphepo imabweza mawu, ndipo mwini wake anali atazolowera. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo timadontho tofiirira tinayamba kumutuluka m'ntchafu, kenako pamimba, pamsana, m'mikono, mpaka thupi lonse linachita maangamaanga. Kadontho ukangokakhula kankatupa n'kuyabwa ngati chitedze. Akatenthedwa nkhope inkayaka moto, mtima n'kumathamanga, m'mimba n'kutseguka, nthawi zina n'kugwa osadziwa kanthu. Ndiye tangoganizani, munthu wodana ndi kutentha chonchi ntchito yake inali yosita zovala za anthu ndi simbi ya makala. Tsoka likakukonda limakusankhira ndi ntchito yomwe.

Sabata yapitayo dokotala wa ku chipatala chachikulu anali atamufotokozera momveka. "M'thupi mwa munthu aliyense muli timaselo tolondera, ngati agalu a pakhomo. Mdani akalowa timauwa, thupi n'kudziteteza. Mwa inu, mayi, taswana mopyola muyeso. Tadzaza pakhungu, m'matumbo ndi m'mafupa, ndipo tikuluma mwini nyumba." Dzina la nthendayo linali lalitali, mastosaitosisi, lilime lake linakana kulinyamula. Mapiritsi akale anali atasiya kugwira. Koma kunali mankhwala atsopano omwe ankawayesa, ndipo ankatenga okhawo amene nthenda yawapanikiza kwambiri. Muyeso wake unali kabuku kaja: masiku khumi ndi anayi, tsiku lililonse kulemba nambala ya ululu, kuyambira ziro mpaka teni. Manambala akachuluka n'kudutsa mzere, munthu walowa. Malo anali atatsala amodzi.

"Tamvera kuno," anatero a Bulashi akutsitsa mawu, n'kukhala pampando. "Mtsikana uja akawerenga izi, madzulo ake zili m'makutu mwa asewele athu. Adzati chiyani? Adzati banja lija lili ndi nthenda ya m'magazi, zidzukulu zathu zidzabadwa ndi maanga. Ukwati n'kuthera pomwepo, ife n'kutsala ndi makadi oitanira anthu."

"Adokotala anati si yopatsirana, ndipo mwana sangatengere kwa ine. Ndinawafunsa kawiri."

"Dokotala amachiza matenda, sachiza pakamwa pa anthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti ndi ziwengo za sopo. Ndakugulira mabulauzi a manja aatali. Palibe akudziwa. Lero iwe ukufuna kuvula pamsika."

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, bambo. Amene ndikumva ndine."

"Tsegula cha kuchimbudzi, osati cha banja! Komanso unanena wekha kuti ena adzapatsidwa mapiritsi enieni, ena a ufa chabe. Ungatayire mwana wako ukwati chifukwa cha ufa?"

"Ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha, pongofuna kuyerekeza. Ikatha, onse amalandira enieni. Ine ndatopa, bambo. Ndatopa kudzikanda mpaka magazi. Ndatopa kuyenda ndikuwerengera pomwe pali chimbudzi. Ndikufuna ndidzavine paukwati wa mwana wanga ngati munthu."

Mawuwa anawakhudza a Bulashi, chifukwa sanali munthu wouma mtima ayi. Anayang'ana pansi kanthawi ndithu. Koma mantha a munthu wamanyazi ndi chinthu chokakamira kuposa penti.

"Chabwino," anatero akumubwezera kabuku. "Pitiriza kulemba, koma ndi pensulo. Tsiku lomaliza ndidzakulembera bwino ndi bolopeni. Zolemba zakozi ngati papalasa nkhuku, adokotala sangaziwerenge."

Nkhanga analandira kabuku ndi manja awiri. Anali atakhala ndi mwamunayu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ankadziwa bwino chimene chimachitikira khoma lakale a Bulashi akalipaka penti.

Masiku anayenda. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankakhala pakhonde n'kulemba manambala ake, akunyowetsa nsonga ya pensulo ndi malovu monga ankachitira ali pasukulu. Eyiti. Naini. Seveni. Chinthu chodabwitsa n'choti kulembako kunkamupepusa mtima. Zaka zonsezi aliyense womufunsa kuti mwadzuka bwanji ankamuyankha kuti ndadzuka bwino, kaya inu. Kabukuka kokha ndi kamene kankafunsa n'kudikira yankho lenileni.

Lachitatu la sabata yachiwiri kunatentha kuyambira m'mawa. Nkhanga anali ndi mulu wa zovala za makasitomala, mwa izo malaya atatu oyera a mphunzitsi uja. Anakoleza makala, n'kuwathira m'simbi, n'kuipukusa uku ndi uko kuti moto ugwire. Atamaliza kolala ya malaya achiwiri anamva makutu akutentha. Anadziwa. Anaimika simbi pachitsulo chake, anayesa kuyenda kupita kuchipinda komwe kunali jekeseni yake yomutsitsimutsa nthenda ikamugwetsa, koma khomo linayamba kutalikira. Mmero unathina. Miyendo inasanduka madzi.

Mwayi wake mwana wake anabwera kudzadya masana kuchokera ku shopu ya nsalu komwe ankagwira ntchito. Anawapeza mayi ake ali gone pakati pa chipinda chochezera, milomo itatupa, chitenje chitaipa. Mtsikanayo sanakuwe. Anali atakumanapo nazo zimenezi katatu. Anathamangira jekeseni, n'kuwabaya pantchafu, n'kuwakweza miyendo pampando, n'kumawakupiza ndi chivundikiro cha ndowa mpaka mpweya unabwerera.

"Amayi, simbi ija idzakuphani," anatero akuwapukuta ndi nsalu yonyowa. "Ndikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Tiyeni kuchipatala."

"Zapita, mwana wanga. Lolemba lokapereka kabuku si kutali, ndikawauza konko."

"Zimenezi mukazilembe m'kabuku muja. Zonse, osasiyako. Mankhwala amene aja ndiye mwayi wathu, amayi."

Nkhanga anamugwira dzanja. Funso linali litamukhala pakhosi masiku ambiri.

"Kodi aphunzitsi ako aja, za ine akudziwapo chiyani?"

"Aa, amayi inu! Mwangobwerera kumene kumanda, ndiye mwayamba za aphunzitsi? Zisiyeni zimenezo, pumulani." Mtsikanayo anaseka, n'kudzuka kukataya madzi.

Ankangofuna mayi ake asawononge mpweya ndi kulankhula. Koma Nkhanga anamva zina. Anaona mwana akuthawa funso, n'kunena mumtima kuti kani nayenso akuchita nane manyazi. Patapita kanthawi mtsikanayo anabweranso ndi kansalu koyera konyezimira kuchokera m'chikwama, kachidutswa ka diresi lake la ukwati, n'kukaika patsaya la mayi ake kuti amve kuzizira kwake. Nkhope yake inkawala. Nkhanga anamuyang'ana mwana wakeyo, mtima n'kumuwawa kuposa mafupa.

Madzulo ake analemba teni m'mabokosi onse. Chitenje choipa chija anachapa ndi a Bulashi okha, kuseri kwa nyumba, n'kuchiyanika m'kati kuti aneba asaone.

Lamulungu masana, tsiku lakhumi ndi chinayi, a Bulashi anatulutsa tebulo pakhonde. Anasamba m'manja ndi sopo kawiri, anavala magalasi awo, n'kuika kabuku, labala ndi bolopeni yatsopano pamzere. Ankagwira ntchito mofatsa ngati akulemba chikwangwani cha banki. Kufufuta, kuuzira tizinyalala, kusalaza pepala ndi chikhatho, kenako kulemba. Pomwe panali naini panabwera thu. Pomwe panali teni wa m'mimba panabwera ziro wozungulira bwino ngati dzira.

Nkhanga anali pamkeka chapafupi, akuonerera masabata ake awiri akuuluzika ndi mphepo.

"Siyaniko Lachitatu lokha, bambo. Tsiku lija ndinatsala pang'ono kufa."

"Ndaika fili. Fili si wochepa."

"Ndiye mukunamiza adokotala."

"Sindikunama ine. Chikwangwani chabwino sichinama, chimangosankha chonena. Unaonapo golosale italemba kuti buledi wathu ndi wadzana? Komanso adokotala ali ndi maso. Maangawa akuoneka okha, safuna kalata. Adzakuona, adzakupatsa mankhwala, mtsikana uja adzawerenga kabuku kaulemu, aliyense n'kupita kwawo ndi nkhope yake. Mbalame ziwiri, mwala umodzi."

"Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

A Bulashi anavula magalasi. "Ukundiona ngati mdani wako? Ndakuchapira zingati ine, zomwe mwamuna wina sangazikhudze ndi ndodo yomwe? Ndinauzako ndani? Ndikamakutchinga chonchi ndiye ndalakwa? Ngati ukufuna, nayi labala. Fufuta, lemba zako. Koma mwana akadzabwera akulira kuti amubwezera mphete, udzamuyankhe wekha."

Anamutambasulira labala. Nkhanga anaiyang'ana. Kanali kanthu kakang'ono, kotha mbali imodzi, kosalemera ngakhale ngati bokosi la machesi. Dzanja lake linakana kunyamuka. A Bulashi anadikira, kenako anavalanso magalasi n'kupitiriza.

Lolemba anakwera basi ya m'mawa. Ofesi ya kafukufuku inali kumapeto kwa khonde lalitali la chipatala, kuseri kwa chipinda chojambulira mafupa. Munali mabenchi awiri, fani yolira kwee kwee, ndi desiki ya kalaliki yotsamira khoma la matabwa. Mtsikana wa magalasi atawaona anaimirira mwaulemu.

"Amayi, abambo, mwayenda bwanji? Khalani apa pafupi ndi fani. Kabukuko kaikeni mu envelopu iyi, anesi abwera kudzatenga."

A Bulashi anakaika okha, monyadira, atakatsegula pang'ono kuti zolemba zawo zioneke. Mtsikanayo anali atatembenuka kale kukawatungira madzi akumwa.

Dokotala anali bambo wa imvi zapatalipatali, wolankhula mosathamanga. Anawalowetsa onse awiri, anatsegula kabuku, n'kuyamba kuphatikiza manambala. Anaphatikiza kachiwiri. Kenako anayang'ana mkono wa Nkhanga, pomwe lamba wa chikwama anali atasiya mzere wotupa.

"Bambo, tatipatseniko mpata pang'ono."

A Bulashi anatuluka monyinyirika. Chitseko chitatsekeka, mawu awo anayamba kumveka bwinobwino kuseri kwa khoma la matabwa, akucheza ndi kalaliki za mipando ya paukwati. Khomalo linali lopyapyala moti ngakhale kulira kwa makiyi a kompyuta kunkalowa.

"Mayi," anatero dokotala, "magazi anu akunena kuti nthenda yakula. Fupa lomwe tinaboola pokuyezani lija likunenanso chimodzimodzi. Koma kabukuka kakuti inu muli bwino kuposa ine. Malamulo a kafukufuku ndi okhwima. Manambala akapanda kufika pamzere sindingakulowetseni, ngakhale nditaona ndi maso anga. Amafuna mawu a wodwala mwini wake. Ndiye ndikufunseni. Papepala apa pakuoneka kuti panadutsa labala. Manambalawa ndi anu?"

Nkhanga anamva thukuta likutsika pamsana, madontho onse n'kuyamba kudzuka.

"Atakhala kuti si anga, chingachitike n'chiyani?" anafunsa monong'ona.

"Ndilemba kalata yofotokoza zimene zachitika, n'kupempha akuluakulu kuti muyambirenso masiku khumi ndi anayi. Malo ndingawasunge pofika nthawi imeneyo. Koma muyenera kundiuza lero, chifukwa pali wina akudikira."

"Kalatayo idzadutsa padesiki panjapo?"

"Makalata onse amatulukira pamenepo," anayankha dokotala mosaganizira, maso ali pakabuku. Iye ankaganiza za njira ya mapepala, sankadziwa kuti akutseka chitseko.

Kuseri kwa khoma a Bulashi anaseka, kalaliki nayenso n'kuseka. "Achimwene akuti akufuna mipando mazana awiri," ankatero mtsikanayo. Nkhanga anaona kalata ija m'maganizo mwake, ili m'manja mwa mtsikanayo: mayi amadziipitsira, bambo ndi wabodza. Anaona kansalu koyera kaja. Chilungamo chinafika pamilomo penipeni, chinangotsala kuti atsegule pakamwa.

"Ndi anga, adokotala. Ndinalakwitsa mizere poyamba, ndiye ndinafufuta. Masiku ano ndikupezako bwino."

"Mayi, ndiyang'aneni. Pali amene akukuopsezani?"

"Palibe. Amuna anga amandisamala kwambiri."

Dokotala anatseka kabuku. Kenako anapumira m'mwamba, anadinda chidindo pachikuto cha kabuku, n'kulemba mapiritsi akale omwe aja. "Simbi ija muisiye, ndipo jekeseni isamatalikire," anatero. "Tsiku lina kukomoka kumeneku simudzadzuka nako."

M'basi pobwerera a Bulashi anatukwana njira yonse. Dokotala wanji wosaona? Sukulu yonse ija kuti aziwerenga manambala ngati kondakitala? Nkhanga anatsamira zenera, akukanda mkono pansi pa bulauzi. Mwana wake atafunsa madzulo, anangomuuza kuti akuti nthenda yanga sinafike poyenera mankhwalawo. Mtsikanayo anakwiyira chipatala masiku atatu.

Loweruka la sabata yotsatira, dzuwa lili pamutu, kunamveka odi. Anali kalaliki uja, atanyamula jumbo ya malalanje, ali ndi mwana wa m'nyumbamo yemwe anakumana naye panjira. A Bulashi anali panja pansi pa zenera, akulemba chinsalu chachikulu cholandirira alendo a paukwati. Nkhanga anafulumira kutsitsa manja a bulauzi.

"Musavutike, amayi," anatero kalaliki atakhala pansi. "Ndabwera ngati mwana wanu, osati wa ku ofesi. Lachinayi anthu anayamba kulandira mankhwala, ndiye inu sindinakuoneni pabenchi. Mtima sunandikhale. Kunyumba amayi akungondifunsa kuti asewele anga alowa? Ine n'kumati sindiloledwa kunena za kuntchito. Mwezi wonse uno akhala akukupemphererani ndi achimwene kuti malo aja akhale anu."

Nkhanga anamva ngati pansi papendekeka.

"Asewele akudziwa za matenda anga?"

"Ii, kalekale! Si alamu angawa anawauza achimwene mwezi woyamba womwe?"

"Ndinawauza zonse, amayi," anatero mwana wake modabwa. "Za kukomoka, za m'mimba, zonse. Ndinati ukandifuna ine udziwe kuti mayi anga ndi odwala ndipo sindidzawasiya. Mako ndi mako. Iwo anati ndiye ndiziwapatsa malaya anga azisita iwowo, tizipeza chifukwa chowaonera. Nanga inu mumayesa sakudziwa?"

Panja bulashi inasiya kukhwaya pansalu.

"Nanga kabuku kaja," anafunsa Nkhanga, mawu akutuluka mopyapyala, "unakawerenga, mwana wanga?"

"Ine? Ayi ndithu. Tsiku lomwe munabwera koyamba ndinakawauza akuluakulu kuti awa ndi apongozi a achimwene anga. Anandisainitsa kuti chilichonse cha inu ndisachitsegule. N'chifukwa chake ndinakupatsani envelopu. Ngakhale makalata a adokotala onena za inu amabwera omata, ine ndimangoika m'thumba."

Mtsikana wa m'nyumbamo anayang'ana mayi ake, anayang'ana kuzenera, nkhope yake n'kuyamba kusintha pang'onopang'ono.

"Amayi, Lachitatu lija munalemba chiyani?"

Nkhanga anaweramitsa mutu.

"Amayi! Ine ndinakutolani pansi apa. Munalemba chiyani?"

"Fili," anayankha a Bulashi ali pakhomo. Penti wofiira ankadontha kubulashi n'kumagwera pansapato zawo. "Ndinalemba ndine. Ndinalemba fili."

"Fili? Abambo, fili? Munthu milomo itatupa, mpweya utatha, inu fili?"

"Ndinkachitira iwe, mwana wanga. Ndinkaopa kuti anthu..."

"Anthu ati? Anthu ake ati, abambo? Msewu wonse uno umawatcha amayi Nkhanga! Ana omwe akudziwa! Ndi inu nokha amene mumakhulupirira za sopo zanuzo. Mwandigulira ukwati ndi moyo wa amayi, ukwati woti unali wanga kale!" Mtsikanayo anagwada n'kukumbatira miyendo ya mayi ake, akulira mokweza. "Nanunso amayi, bwanji osandifunsa?"

"Ndinakufunsa, mwana wanga. Unaseka."

Kulira kwa mtsikanayo kunadukira pakhosi. Anakumbukira.

A Bulashi anaponya bulashi panja n'kuyandikira kalaliki, manja ali pamodzi ngati wopempha. Bambo wonyada uja, yemwe sankavula chipewa kwa aliyense, anagwada ndi bondo limodzi pamaso pa mwana wamng'ono.

"Mayi, tithandizeni. Tipatseni kabuku kena. Ndilemba zoona, ndikuzikumbukira zonse. Kapena alembe yekha, ine sindikhudza. Lolemba ndipita ndekha kwa adokotala, ndikawauze kuti wabodza ndine. Anditukwane, andimange, zilibe kanthu."

Kalaliki anavula magalasi n'kupukuta maso. "Abambo, dzukani, musandigwadire. Malo omaliza aja anatenga munthu wina Lachinayi. Kaundula watsekedwa, mayina anatumizidwa kale. Ngakhale adokotala sangatsegule."

"Nanga kafukufuku wina?"

"Nthenda iyi ndi ya anthu ochepa. Uyu tinamudikira zaka zinayi. Mankhwalawa akadzapezeka kuti ndi abwino, mpaka adzavomerezedwe, adzafike kuno, sindikudziwa kuti ndi liti. Ndikanama ndikanena."

Madzi akatayika saoleka. Mlendo anatsanzika mwamanyazi, ngati kuti wolakwa ndi iye. Mwana wa m'nyumbamo anamuperekeza, ndipo potuluka anawalambalala bambo ake osawayang'ana. Malalanje anatsala patebulo, palibe anawakhudza.

Nkhanga anakhala pomwepo nthawi yaitali. Sanalire. Mkwiyo unalipo, koma unasowa pogwera, chifukwa labala ija anamupatsa m'manja ndipo iye sanaitenge, dokotala anamufunsa kawiri ndipo iye anayankha yekha. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti moyo wake wonse anaphunzitsidwa kubisa, ndipo anakhoza bwino phunzirolo. Anapinda manja a bulauzi mpaka m'zigongono, koyamba masana pa zaka zisanu ndi chimodzi, n'kutuluka pakhonde. Pamulu wa zovala panali malaya atsopano a mkwati, omwe anabwera dzulo lake kuchokera kwa telala. Anakoleza makala.

A Bulashi anamutsatira n'kuima chapatali. Kumbuyo kwawo chinsalu chija chinali chitayanikidwa pakhoma, zilembo zofiira zokongola zitalekezera pakati. Anayang'ana mikono ya mkazi wawo, maanga onse ali poyera, ena atatupa, ena atakandidwa mpaka zilonda. Ankaoneka ngati akuiona koyamba.

"Isiye simbiyo, adokotala anakaniza," anatero mwa mawu otsika. "Ndisita ndine."

"Mungaotche kolala. Ukwati ulipo, bambo. Si umene timafuna?"

Bamboyo anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa bolopeni ija ndi kapepala koyezera zikwangwani.

"Mkazi wanga, lero ukumva bwanji? Ndiuze zoona. Ndi zingati?"

Zaka zisanu ndi chimodzi anali asanafunsepo funso limeneli. Nkhanga anathira makala m'simbi, anatseka chivundikiro, n'kuwerama kuuzira moto. Kutentha kunamuwomba kumaso, makutu n'kuyamba kuyaka.

"Lembani ziro, bambo," anatero akuyala malaya patebulo. "Dzanja lanu linazolowera."